Sitima ya Fodya wa Ababa

Ntchito yanga ndi yojambula zithunzi. Ndili ndi kashopu pa Namitete, ndipo anthu amandidziwa ndi maukwati, zinkhoswe ndi tizithunzi ta pa ziphaso. Ababa amakhala kumudzi, mtunda wa ola limodzi panjinga. Chimwalirireni amayi amawaphikira ndi alamu anga, ine ndinkangopitako Lamlungu lina ndi lina kukawasiyira shuga ndi sopo.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Ogasiti anatulukira kushopu atakwera kabaza. Anakhala pabenchi, chipewa pabondo.

"Naphiri, kulima fodya ndasiya," anatero. "Zaka makumi anayi zakwana. Koma ndikufuna ndikaone sitima ya pamadzi imene imanyamula mabelo anga. Ukandijambule nditaima pambali pake."

Ndinaseka, koma ndinaseka ndekha. Ababa ndi mkulu wa mpingo, sadziwa nthabwala. Anali atafunsa kale kwa madalaivala a mathiraki omwe amaima pa Namitete, ndipo anawauza kuti fodya wambiri amatulukira ku Beira.

"Ababa, ku Beira si ku Mchinji ayi. Bwanji tidikire chaka chamawa?"

"Chaka chamawa ayi. Mwezi uno."

Pasipoti anali nayo, ija anapangitsa pa ulendo wa mpingo wa ku Chipata. Ndinatseka shopu, n'kutenga kamera, mabatire awiri ndi kachikwama kamodzi.

Tinanyamuka Lolemba m'mawa. Minibasi yathu inaima pa Msundwe pafupifupi ola lathunthu kudikira matumba a mtedza amene mwini wake anali akusokabe. Inaimanso pa Mpingu chifukwa kondakitala anakangana ndi mayi wina pa nkhani ya nkhuku, ngati nkhuku ili katundu kapena ayi. Ababa anali atavala jekete yawo ya ku mgonero. Mu depoti ya ku Lilongwe anandigwira pachigongono. Sanandigwirepo chotero chikulireni changa, koma ndinati mwina ndi phokoso la oitanira.

Pa boda ya Dedza tinafika dzuwa lili paliwombo, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Anatipatsa mafomu. Ababa anandikankhira yawo.

"Lemba iwe, magalasi ndaiwala."

Nditalemba ndinawapatsa cholembera kuti asayine. Anasayina pambali, kunja kwa kabokosi, dzina likutsetsereka ngati likugwa paphiri. Awa ndi munthu amene analemba mabuku a mpingo zaka khumi ndi ziwiri, zilembo zoima ngati asilikali. Wa pawindo anatipatsa fomu ina mosadandaula. Ine ndinati ndi kuzizira, zala zauma.

Kutsidya, pa Kalomwe, tinasintha ndalama n'kukwera minibasi imene kumeneko amati shapa. Ndinkaganiza kuti kupanikizana ndimakudziwa. Ayi ndithu. Pamzere wa anthu atatu tinakhala asanu, wachisanu ndi chimodzi ataima chowerama, mutu wake uli paphewa panga kuchokera pa Ulongwe mpaka kutsika mapiri onse. M'menemo ndi m'mene tinadziwana ndi Mayi Rozita, mayi wamkulu thupi wa ku Angoniya, amene ankapita ndi matumba a nyemba ku Beira. Chinyanja chawo chinali ngati chathu chomwe, kungoti apa ndi apo amaponyamo Chipwitikizi.

"Ku Beira kukatani, kuli maliro?" anafunsa.

"Kukaona sitima," anayankha Ababa.

"Basi?"

"Basi."

Mayiwo anatiyang'ana, kenaka anamasula kansalu n'kutigawira mbatata yootcha. Ndikhulupirira anationa ngati anthu ofunika chifundo.

Tinachoka pa Dedza tikunjenjemera, koma pofika ku Mowatize thukuta linali likuyenderera kumsana. Malasha anali milumilu m'mbali mwa msewu, ngati zulu zakuda. Kenaka mlatho wa Zambezi. Ine amene ndinakulira m'mbali mwa mtsinje wa Namitete, woti mwezi wa Okutobala umaoloka osavula nsapato, ndinagwira pakamwa.

"Ababa, taonani madzi!"

"Ee, ndi ambiri," anatero. Nkhope inali italoza pa thumba la nyemba limene linatseka windo la mbali yawo.

Tinagona ku Tete, panyumba ya alendo imene Mayi Rozita amafikira. M'mawa tinakwera basi yaikulu ya ku Beira. Tinadutsa Changara, dziko la milambe, miyala ndi mbuzi. Titangopitirira Guro, basi inatsokomola kawiri n'kuzima. Utsi woyera unatuluka kumbuyo. Paipi ya madzi inali itaphulika, ndipo dalaivala anatumiza kondakitala ku Katandika pa lole yodutsa kuti akagule ina.

Tinatsika tonse. Mthunzi unali wa mlambe umodzi wopanda masamba, ndipo anthu makumi asanu tinkasuntha nawo mthunziwo ngati nkhuku. Ola loyamba anthu ankaseka. Ola lachiwiri madzi akumwa anatha. Ola lachitatu amayi a m'mudzi wapafupi anabwera ndi malambe ndi madzi a m'zigubu ofunda ngati tiyi, ndipo tinawalimbirana. Mnyamata wina wa ku Zimbabwe anagona pansi pa basi. Mwana wa mayi wina analira mpaka mawu anatha.

Cha m'ma thuu koloko Ababa anati akufuna kukataya madzi. Anaoloka msewu n'kulowa patchire. Ine ndinali kupukuta fumbi pa kamera. Ndinangomva Mayi Rozita akukuwa.

"Bambo! Bambo, imani!"

Nditadzutsa mutu ndinaona Ababa ali pakati pa msewu, akuyenda pang'onopang'ono motsata mzere woyera, kulowera kumene kunkachokera thiraki ya mafuta. Thirakiyo inali ikutsika mtunda, hutala ikulira. Iwo anaima, n'kutembenukira uku ndi uku, manja ali patsogolo ngati munthu wofufuza chitseko. Ine ndisanadzuke n'komwe, Mayi Rozita anathamanga, ndi thupi lawo lonselo, n'kuwakoka jekete mpaka onse awiri anagwera m'ngalande. Thiraki inadutsa, mphepo yake n'kuulutsa chipewa cha Ababa.

Anthu anawadzutsa, kuwasasa fumbi. Mayi Rozita, akupuma mwawefuwefu, anaimika dzanja patsogolo pa nkhope ya Ababa.

"Zala zingati izi, bambo?"

Ababa anaphethiraphethira.

"Zingati?"

"Zitatu."

Chinali chibakera. Panalibe chala n'chimodzi chomwe.

Mayiwo anatembenukira kwa ine. "Mwana iwe, bambo akowa saona. Iwe sukudziwa?"

Ndinayang'ana m'maso mwa Ababa, koyamba pa zaka zingati kaya. Kwathu mwana wamkazi sayang'anitsitsa bambo ake kumaso. Umagwada, umayang'ana pansi. Pakati pa diso lililonse panali poyera ngati dontho la mkaka. Ine amene ndimauza akwati kuti tsegulani maso bwino, amene ndimaona kachitsotso pa kolala ya mkwati ndili patali, ndinali ndisanaone.

Tinakhala pa muzu wa mlambe, patali ndi anthu.

"Chiyambire liti, Ababa?"

"Ichi n'chaka chachiwiri. Lamanzereli linatseka kale. Lamanjali ndimaona ngati ndikuyang'anira m'pepala la shuga."

"Nanga fodya mumasankha bwanji?"

"Ndi zala. Koma zala sizidziwa mtundu. Chaka chino mabelo anayi anabwezedwa ku okushoni, ati ndasakaniza. Ine, kusakaniza fodya! Nyimbo za m'buku ndimazidziwa pamtima. Njira ya kutchalitchi ndimaidziwa. Njinga ndinaisiya nditagunda ng'ombe ya aneba athu, a Chisale."

Anapisa m'thumba la mkati n'kutulutsa kapepala kopindapinda. Kanali ka kuchipatala. Anapita okha chaka chatha osauza munthu, ndipo adokotala analemba kuti ndi ng'ala, apite kuchipatala cha maso akachitidwe opaleshoni.

"Ndiye simunapite chifukwa chiyani?"

"Amati amakolowola diso n'kuliika m'mbale. Likakana kubwerera, basi. Ndinati kuwala pang'ono kumene kwatsalaku ndikaonere sitima kaye. Zikatero akolowole."

Ndinalira ngati mwana, pamaso pa anthu achilendo. Ndinati tibwerere, tikwere chilichonse cholowera ku Tete. Anapukusa mutu.

"Ndafika pano ndi maso angawa. Ukandibweza, sindidzakukhululukira."

Kondakitala anabwera ndi paipi dzuwa litapendeka. Tinadutsa Katandika, Chimoyo, Inchope, ine dzanja langa lili pa dzanja lawo njira yonse. Za m'njira sindikumbukapo kanthu. Ku Beira Mayi Rozita sanalole kuti tikafune malo ogona. Anatitengera kwa mng'ono wawo ku Munyava, natiyalira mphasa pabalaza.

Kutacha ndinachita chinthu chopusa. Ndinaganiza kuti sitima imajambulidwa ngati basi: upita pa depoti, uimika munthu pambali, n'kujambula. Tinakwera njinga yamoto ya matayala atatu mpaka pa geti ya doko. Kunali mathiraki mzere wautali osaona pothera, ena a manambala a kwathu, ndi khoma lalitali. Kuseri kwa khoma kunkaoneka zitsulo zonyamulira katundu, zazitali kuposa nyumba iliyonse ya ku Lilongwe, ndi makontena osanjikizana ngati njerwa za pa uvuni. Sitima sinkaoneka, koma nsonga yake yokha. Ndinaimika Ababa pafupi ndi geti n'kukweza kamera.

Ndisanajambule kachitatu, dzanja linagwira lamba wa kamera. Anali mlonda wa yunifolomu. Analoza chikwangwani chimene chinali pamwamba pa mutu wanga penipeni: chithunzi cha kamera chodulidwa ndi mzere wofiira. Sipankafunika kudziwa Chipwitikizi kuti uchimve. Ine sindinachione.

Ananditengera m'kaofesi. Ndinayesa kunena kuti bambo anga atsala panja ndipo saona, koma mawu anga sankamveka. Pawindo ndinkawaona ataima pomwe ndinawasiya, chipewa pachifuwa, ataongoka bwinobwino, akudikirabe kuti ndiwajambule. Mathiraki ankadutsa mkono umodzi kuchokera pamene anaima. Ndinagogoda galasi ngati wamisala.

Mkulu wa alonda, bambo wa imvi, ndiye anandimva. Ankayankhula Chisena, ndipo tikalankhula pang'onopang'ono tinkamvana. Anatuma munthu kukawatenga Ababa n'kuwapatsa mpando. Anayang'ana mapasipoti, anayang'ana zithunzi zonse za m'kamera, maukwati a ku Namitete ndi a ku Nsaru, mpaka anafika pa ziwiri za pa geti. Anandiuza kuti ndizifufute iye akuona. Kenaka anafunsa chimene tinadzera. Ababa anafotokoza okha, za nazale, za chigafa, za zaka makumi anayi. Mkuluyo anatenga pepala n'kujambula mapu ndi cholembera.

"Pano palibe amene amaloledwa kujambula, ngakhale ine," anatero. "Anthu amathamangira ku Makuti, kuli nsanja ya nyali. N'kokongola, koma sitima zimakhala kutali, zikudikira. Malo enieni ndi awa, Praia Nova, pamene asodzi amakocheza ngalawa. Sitima iliyonse yolowa kapena yotuluka imadutsa pamenepo. Mupite m'mawa, dzuwa likhale kumsana kwanu. Ndipo mudikire madzi adzaze. Madzi akaphwa sitima yaikulu siyenda."

Za madzi kudzaza sindinazimvetse, koma ndinangovomera.

Masana omwewo tinapitabe ku Makuti, poti mtima unali m'mwamba. Kumeneko ndi kumene ndinaona nyanja yamchere koyamba, madzi opanda tsidya, mafunde obwera ngati akukuthamangitsa. Sitima zinalipo zisanu, kutali, zazing'ono ngati nyerere pa chingwe. Ndinakoka kamera mpaka pothera, koma zinangotuluka ngati timadontho.

"Zilipo?" anafunsa Ababa.

"Zilipo, koma zili kutali."

Anatong'ola diso lamanja lija mpaka misozi inatuluka. "Sindikuona kanthu, Naphiri. Kwangoyera."

Anawerama, funde linawanyowetsa nsapato, anatapa madzi padzanja n'kulawa. Analavula msangamsanga.

"Anathiramo ndani mchere wonsewu?"

Tsiku lotsatira Mayi Rozita anasiya nyemba zawo n'kutiperekeza ku Praia Nova. Tinadutsa mumsika wa nsomba, m'tinjira tamatope, fungo loti limakhala m'zovala sabata yathunthu. Titatulukira kugombe ndinaima kakasi. Nyanja kunalibe. Kunali matope okhaokha, ngati dambo lalikulu, ngalawa zitagona cham'mbali, amayi akutola nkhono kutali uko.

"Mayi, madzi apita kuti?"

Anaseka mpaka anagwira m'mimba. "Abwera. Amapita n'kubwera kawiri patsiku. Khalani pansi."

Tinakhala pa ngalawa yakale yogadabuzika. Ndinayendayenda kufuna poimira. Kumanja kunali zisakasa zotchinga, kumanzere mitengo yoyanikapo maukonde. Ndinapeza kachitunda ka miyala ndi zidutswa za khoma logumuka, pamene munthu akaima kumbuyo kwake kumakhala madzi okhaokha, ndipo patali kumanja kumaoneka zitsulo za padoko zija. Ndinayesa kuwala pa Mayi Rozita. Kunali bwino. Chotsala chinali sitima.

Tinadikira maola atatu. Madzi anabwera mwakachetechete, kudzaza timaenje, kudzutsa ngalawa imodziimodzi, mpaka pamene amayi aja ankatola nkhono panali poti munthu amira. Dzuwa linkakwera, ndipo ndinkaopa kuti likafika pamutu nkhope ya Ababa ida ndi mthunzi wa chipewa. Batire imodzi inali itatha kale.

Msodzi wina amene ankasoka ukonde analoza ndi mlomo kumanja.

Sitima inkatuluka padoko, timaboti tiwiri tikuiperekeza. Poyamba ndinayesa nyumba. Kenaka nyumbayo inatembenuka n'kuyamba kubwera. Ndinali nditaonapo sitima pa TV, koma TV imanama. Chinthucho chinali chachitali ngati msika wa Namitete kuchokera kumlatho mpaka kumapeto, chakuda m'munsi, pamwamba makontena ofiira, obiriwira, abuluu, osanjikizana kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, lililonse lofanana ndi thiraki yathunthu. Ndinaiwala kuti ndili ndi kamera.

"Jambula, iwe!" anakuwa Mayi Rozita.

Ndinawakweza Ababa pa kachitunda kaja. Ndisanawatembenuze kuti ayang'ane kwa ine, anauma thupi lonse.

"Naphiri. Kwada mbali iyi. Kuli chinthu chikutseka kuwala."

"Ndi imeneyo, Ababa."

"Yonseyi? Kuyambira apa mpaka apo?" Dzanja lawo linayenda m'malere, ndipo linayenda molondola, kuchokera kumutu kwa sitima mpaka kumchira. "Ikuyenda! Ndikuiona, ikuyenda!"

Pomwepo inaliza hutala. Kulira kwake sikunalowere m'makutu, kunalowera m'chifuwa. Ababa anadzandira, ine n'kuwagwira. Anavula chipewa.

"Mabelo ali pati? Ukuwaona?"

"Saoneka, Ababa. Zonse zili m'makontena otseka."

"Palibe polembedwa kuti Malawi? Ngakhale nambala ya mlimi?"

"Palibe."

"Ndiye akudziwa bwanji kuti uyu ndi wa uje?"

Anaima chomwecho, kukamwa kuli yasa. Sindikudziwa ngati m'sitima imeneyo munali tsamba la fodya ngakhale limodzi. Mwina munali thonje, mwina miyala ya m'migodi. Sindinawauze zimenezo. Ndinabwerera m'mbuyo masitepe khumi, ndinagwada pamchenga wonyowa kuti sitima ikwane yonse, n'kuwaitana. Anatembenuka. Ndinajambula kasanu ndi kawiri, sitima n'kupitirira.

Ulendo wobwerera unatenga masiku awiri, ndipo basi sinafe. Pa Dedza ndinawagwira dzanja posayina fomu. Titafika pa Namitete sanapitirire kumudzi. Ndinawasunga kwanga, ndipo sanatsutse.

Opaleshoni inachitika mwezi wa Novembala, diso lamanja poyamba. Polowa anandipatsa wotchi yawo ndi makiyi a nyumba, n'kundiuza nyimbo yoti idzaimbidwe pamaliro. Sipanathe ola, anatuluka akuyenda okha, diso lili m'malo mwake, lomatidwa thonje.

M'mawa mwake namwino anachotsa thonje lija. Ababa anaphethira, anayang'ana denga, anayang'ana manja awo. Ine ndinali nditatsuka chithunzi chija chachikulu, n'kuchiika m'felemu. Ndinagwada n'kuwapatsa.

Anachigwira ndi manja awiri nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti anene za sitima, za kutalika kwake, za makontena. Chala chawo chinadutsa zonsezo n'kukaima pa munthu wa jekete.

"Nkhalamba yaima apayi ndi ndani?"

Ndinayesa akuseka. Sankaseka.

"Ndinu, Ababa."

Anayandikitsa chithunzi kumaso. Anakweza dzanja n'kugwira tsaya lawo, pamene panalowa mkati, kenaka tsitsi la pamwamba pa khutu. Atatero anandiyang'ana ine, kumaso kwenikweni, ndipo ine sindinayang'ane pansi.

"Iwenso uli ndi imvi," anatero motsitsa mawu. "Zinayamba liti?"